Makompyuta Obwereka a ku Matero

Lolemba, 8 Seputembala 2003

Kalata yafika. Bungwe lotithandiza litumiza mlendo pa 16. Thandizo litha Disembala. Akapanda kuwonjezera, kachipinda kathu pakiliniki ya ku Matero katsekedwa, ine ndibwerera kukaphunzitsa masamu ana a mabwana ku Kabulonga.

Zoti tionetse zilipo. Zithunzi za ekisireyi 1,400 pa zaka ziwiri. Ba Kapembwa, wa ekisireyi wathu, ajambula chifuwa, ine ndijambula filimuyo ndi kamera, pulogalamu yathu iyeretsa chithunzi n'kuchitumiza kwa madokotala anzathu a ku Brazil ndi ku India. Yankho mawa lake, osati mwezi wamawa. Odwala chifuwa chachikulu 93 opezeka msanga. Pulogalamuyo tinalemba anthu asanu ndi awiri, maiko anayi. Aliyense atenge ulere, asinthe momwe afunira.

Mkazi wanga Maud: "Boma yagulisa migodi, imwe ba digiri mugawa vinthu mahala." Ndati ndiye sayansi imeneyo. Wati sayansiyo ikagule makala.

Lachinayi, 11 Seputembala

Msonkhano wa anthu awiri. Ba Kapembwa ayang'anitsitsa Nkhalamba, kompyuta yathu. Chivundikiro chinatayika kalekale, fani ya patebulo kuikupiza kuti isakomoke, kamera yomanga ndi mphira pamwendo wa mpando wothyoka. "Mulendo sangaone ivi. Ni manyazi."

Ndavomera msangamsanga. Zaka zinayi pa yunivesite, koma ndikadali mwana wa amayi anga, amene mlendo akamabwera ankabwereka mipando ndi makapu mpaka nyumba yachitatu.

Loweruka, 13 Seputembala

Laimu pakhoma. Miyala ya panja nayonso, ngati kukubwera nduna. Ba Abdulmajid a kafe ya intaneti atibwereka makompyuta atatu atsopano, tsiku limodzi, osalipira kanthu. Chifuwa cha mlongo wawo Kulthum tinachipeza ndife chaka chatha, pano ananenepa. Makatani a Maud, atatha kundilumbiritsa. Nkhalamba tabisa mosungira katundu, kuseri kwa ndowa.

Msana ukuwawa. Mtima mbee.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Zayenda! Mlendo ndi a Anders, wamtali ngati mlongoti, pamodzi ndi ba Ketty a ku ofesi yawo ya mu Lusaka. Ndinayankhula ngati mlaliki wa m'basi. Manambala, mapu, zithunzi zakale pa sikirini yonyezimira. A Anders kugwedeza mutu, kulemba. Ba Ketty kumangoyang'ana pansi pa tebulo n'kumamwetulira.

Makompyuta tabweza pa wilibala dzuwa lisanalowe.

Lachisanu, 26 Seputembala

Lipoti. "Ntchito yapamwamba. Gululi lili ndi zipangizo zokwanira, litha kuima palokha." Ndalama zipite kwa osowa.

Ndaseka mpaka misozi. Kenako misozi yokha. Tapaka laimu mpaka tadzipaka kunja kwa ntchito. Pabenchi panali anthu khumi ndi mmodzi akutsokomola, sindinathe kuwayang'ana.

Maud sananene za sayansi. Tiyi, shuga masipuni atatu.

Lolemba, 29 Seputembala

Foni ya ba Ketty. "Ninakulila mu komboni ya George ine, ba Webster. Makompyuta yatatu, yolumikiza ku magesi imozi chabe. Munabweleka kuli bandani?" Ndaulula zonse, mpaka makatani. Aseka mpaka foni kutsamwa.

A Anders akwera ndege Lachisanu. Lachinayi ba Ketty adzawadutsitsa kuno ngati mwangozi. Lamulo limodzi: "Musasese."

Lachinayi, 2 Okutobala

M'mawa ba Kapembwa ndawalanda tsache kawiri. Kachitatu ndawapeza akupukuta zenera ndi mkono wa malaya.

Nkhalamba pamalo pake, matumbo pamtunda, fani ikulira. Alendo atangolowa, inazima pakati pa chithunzi cha mayi wa ku Chaisa. Ndinaimenya m'nthiti. Inadzuka. Chithunzi chinapita ku Brazil pang'onopang'ono ngati maliro, koma chinafika.

A Anders: "Zonse 1,400 pa chimenechi?" Sanaseke. Anakhala pa ndowa n'kulemba masamba awiri. Thandizo la zaka zitatu, atero, ndi makina atsopano. Lipoti lakale aling'amba okha.

Ba Kapembwa andikwiyira. Akuti mlendo wachoka ndi fumbi kuthalauza, osamwa ngakhale madzi, dzina la Matero lafa. Akuti mawa timutsatire ku bwalo la ndege ndi nkhuku yamoyo. Ndayesa kufotokoza za malamulo a ndege.

Nkhukuyo ndagula ndine. Yoyera, yonenepa.