Foni Yolira Kawiri

Kanini, Ndola

Mwana wanga Lillian,

Landira moni wochokera kwanu. Uli bwanji kumeneko ku Gaborone, pamodzi ndi apongozi anga a Gordon ndi ana? Ntchito ya kuchipatala ikukusiyirako mpata wogona? Ife kuno tilipo. Ine miyendo ndi yomwe ija. Atate ako shuga wawo amakwera akaba mabanzi, kenaka amanamizira makina opimira.

Usadabwe kuti ndakulembera pamanja pamene foni ya m'manja imene unandigulira ili pompano patebulo. Ndayesa kukuimbira, koma ndikangoigwira ndimaibwezera pansi. Ndiye werenga mpaka kumapeto, usalumphe monga umachitira ndi mauthenga anga.

Chigulitsireni kampani ya mafoni imene atate ako ankagwirako ntchito, zinthu kuno zatembenuka. Anzawo a atate ako amene anatsalira pantchito ambiri awachotsa. Mawaya a kopa akuba anawamaliza, mapolo angoima okha m'misewu.

Tsiku lina atate ako anapita kuekisichenji, kumakina olumikizira mafoni kuja, kukaona a Obadiah, mnzawo wakale uja, ndipo atabwera anakana kudya. Akuti holo ya makina ija, imene munkaopa phokoso lake muli ana, muli zii. Zonse zinalowa m'kabati imodzi yonga firiji. Akuti masiku ano mawu, zithunzi, intaneti ndi tiivii zimayendera limodzi m'kachingwe ka galasi kotchedwa faiba, kopyapyala ngati tsitsi. Munthu amene anakalambira pamwamba pa mapolo, akusamala kuti waya wa foni usakhudzane ndi wa teleksi yotumizira mauthenga olemba, anangoti dziko lawasiya m'mbuyo.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wa kampani, dzina lake Gwen, atavala ovololo. Anatiuza kuti laini yathu yakale aidula, chifukwa makina ake akuwazimitsa. Mayo ine! Ndinamukalipira mwana wa eni ngati ndiye anagulitsa kampaniyo. Ndinamuuza kuti anyamule mipando, akafuna azule ndi malata omwe, koma nambala ya nyumba ino asaikhudze.

Chifukwa chake ukuchidziwa. Atate ako ali pantchito, akamaliza kukonza laini ankalumikiza kafoni kawo koyesera pawaya, ali pamwamba pa polo pomwepo, n'kuimba kunyumba. Ikalira kawiri n'kusiya, tinkadziwa kuti ali bwino ndipo akubwera. Sitinkayankha, poti kafoni ka kampani sikanali kochezera. Iwe ndi mlongo wako Masauso munakula mukumva zimenezo.

Mgodi utagulitsidwa ku Kitwe, Masauso ntchito inamuthera, anabwerera kuno n'kuyamba mowa. Unali utapita kale ku Gaborone pamene atate ako anamuuza kuti m'nyumba muno simudya mwamuna wa manja lende. M'mawa mwake tinapeza bedi loyala bwino. Anzake anati wapita ku Joni. Chaka chinatha popanda kalata, popanda uthenga, ndipo atate ako anawonda mpaka lamba anamuboola mabowo atsopano.

Kenaka Lamulungu lina, titangofika kuchokera ku Misa, foni inalira kawiri n'kusiya. Atate ako anagwada pabalaza, jekete ili m'manja. Lamulungu lotsatira inaliranso, ndipo sinaphonyepo kufikira lero. A Obadiah atafufuza anangoona kuti ikuchokera kunja kwa dziko. Ife tinati basi, ndi ku Joni kumeneko.

Ndinkafuna kuithamangira, koma atate ako anandiletsa. Anati mwana akulankhula monga timalankhulira m'nyumba muno, tikamudzidzimutsa adzasiya. Zaka zonsezi Lamulungu sitichezera munthu. Azimayi a kutchalitchi amandiseka kuti bana Masauso, ndiye ine amake Masauso m'Chibemba, anakwatiwa ndi foni. Aseke, ine ndinkagona tulo podziwa kuti mwana wanga akupuma.

Zonsezi ndinamufotokozera Gwen, misozi ili chuchuchu. Ndi mwana wa ulemu. Anakamenyera nkhondo kuofesi kwawo, ndipo anabweranso ndi foni ina ya patebulo, yopanda waya, koma nambala ndi yathu yomwe ija. Ili ndi kagalasi pamwamba. Anandionetsa kuti munthu akaimba, nambala yake imatuluka pakagalasipo, ndipo ukadina batani lobiriwira foni imamubwerera mwini wakeyo. Atate ako anali panja, akuyang'ana anyamata akukulunga waya wathu wakale. Za batanilo sanazimve, ndipo ine ndinazisunga mumtima.

Lamulungu lapitali atate ako anatsalira kutchalitchi, akuti kuli msonkhano wa azibambo. Bodza. Ankaopa kuti chinthu chatsopanochi sichilira, ndipo sakanatha kukhala pansi n'kumadikira. Ine ndinafika, ndinavula nsapato, n'kukhala pambali pake ndi korona m'manja.

Inalira, Lillian. Inalira kawiri n'kusiya, ndipo pakagalasi panatuluka nambala yaitali imene sindinaionepo. Ndinadina batani lobiriwira lija. Mawu ndinali nditakonza kale. Ndimati ndimuuze kuti abwere ngakhale alibe kanthu m'thumba, kuti atate ake anachita chisoni tsiku lomwe lija, kuti chipinda chake sitinaikemo munthu wa lendi ngakhale pa njala.

Kumeneko munthu ananyamula, ndipo anali iwe. Unati halo kangapo, kenaka unafunsa m'Chinyanja kuti ndani. Kumbuyo kwako ndinamva mdzukulu wanga Lulu akulirira tiyi. Ngati unadabwa kuti ndani anaimba pafoni ya m'nyumba mwako n'kukhala chete, ndinali ine.

Ndinakwiya, ndisakunamize. Ndikanakhala nawe pafupi ndikanakukoka khutu, unesi wako womwewo. Iwe, mwana amene sunkatha kubisa ngakhale shuga m'kamwa, watinyenga makolo ako zaka zonsezi? Ndinakhala pansi pasimenti, ndinalira mpaka mutu unandiwawa.

Mkwiyo utatsika ndinayamba kukumbukira. Unabwera kudzatichezera pa Khirisimasi, chitatha chaka Masauso atachoka, unawaona atate ako akukankha mbale, unandifunsa ngati akugona. Utangobwerera, foni inayamba kulira. Unawapatsa mankhwala amene unali nawo, ndipo anachira. Pa chimenecho sindikudzudzula, mwana wanga.

Atate ako atafika anaima pakhomo osalowa, akundiyang'ana. Ndinangoti yalira. Anaseka ngati kamwana, anavula chipewa, n'kunena kuti kani kachingwe ka galasi kaja kamadziwanso njira ya ku Kanini. Anadya n'kuwonjezera. Mpaka pano sindinawauze kanthu, ndipo ndikawaona akupukuta foniyo ndi mpango mtima umandipweteka.

Tsopano ndikupempha ine amene ndinakubala. Masauso ali kuti? Kodi ndiye anakutuma, poti iye alibe foni kapena akuchita manyazi? Kodi ali m'ndende? Kodi iwenso sudziwa, unangoona kuti tikufa n'kuganiza zotinamiza? Kapena unamva kanthu, mwina unapita n'kukaona ndi maso ako, n'kutibisira? Ngati mwana wanga anagona m'dothi la eni, ndiuze dzina la malowo. Ndikufuna kumuperekera Misa, ndimutchule dzina pamaso pa anthu, ndimulire ngati mayi. Ndamusowa, Lillian. Ndikaona mnyamata wamtali akutsika minibasi ya ku Kitwe ndimaima pamsewu ngati wopusa mpaka atatembenuka.

Usaope za atate ako. Ndakhala nawo nthawi yaitali, ndikudziwa powayambira. Katunduyu wamusenza wekha mokwanira, nditulireko.

Upereke moni kwa a Gordon, uwauze kuti nsapato anatumiza zija zinakwana. Shaun ndi Lulu uwapsompsone, uwauze kuti mango a kuseri ayamba kupsa. Ambuye akusunge pa ntchito yako ndi m'nyumba mwako, Amayi Maria akufunditse.

Kalatayi ikakupeza, Lamulungu lake uimbe monga mwa masiku onse. Atate ako ndidzawatuma kumsika. Koma usadule, chifukwa ndidzanyamula isanalire kachiwiri, ndipo chilichonse chimene uli nacho ndidzachimva.

Ndine mayi ako,
Norah, amake Masauso