Ndamuletsa Tadala Kugwada

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Joni tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu anachira, mwana wamwamuna, tamutcha dzina la abambo. Tadala, amene munamusiya akukwawa uja, ali pasukulu tsopano, Chizulu chili lakalaka. Kumudzi achemwali akuti chimanga chachita bwino, kungoti denga lanu layamba kudontha.

Tsono imvani izi. Nyumba ya abwana anga ku Benoni, komwe ndimasamala maluwa, anaibwereka anthu ojambula sewero la pa TV. Mzungu woyang'anira atandiona ndikukankha wilibala, anati ndine wakuda mokwanira, ndikhale mlendo wakuba. Oyererako khungu anawapatsa udokotala ndi uloya, ife akuda bii umbava. Ndinaziona ndithu, koma ndinangosekerera. Kuoneka pa TV, ine Yohane!

Anati m'seweromo gulu la anthu likandigwira ndichite ngati kwathu. Munkandiuza paja kuti, "Iwe Yohane, ukalakwa gwada msanga, womba m'manja, usayankhe." Ndinachita zomwezo, ndikuti pepani, pepani. Mzungu uja anakondwa kwabasi, mpaka anandibwerezetsa.

Amayi, ku KwaThema komwe timachita lendi takhala mwakachetechete zaka zonsezi. Panja timalankhula Chizulu, Chichewa n'cha m'nyumba titatseka chitseko. Lero kachidutswa ka pomwe ndikugwada paja akukaonetsa pa TV tsiku ndi tsiku poitanira anthu kuseweroli. Mayi wa pashopu wasiya kundiyankha moni. Anyamata a pakona amangondiyang'ana, osaseka n'komwe. Dzana wina anafunsa mkazi wanga kuti chipinda chathu n'chiti. Ndikuopa, amayi, ndikuopa zedi. Galimoto ikangoima pageti, ndimathamangira kukasuzumira pazenera.

Chandipweteka koposa ndi ichi: dzulo Tadala anagwada popereka buku kwa aphunzitsi, monga tinamuphunzitsira. Kalasi yonse inagwada, kuwomba m'manja, kumamutcha mwana wa wakuba. Anabwera kunyumba yunifolomu itang'ambika paphewa, ndipo sanalire mpaka atandiona.

Ndiye ndamuletsa. Ndamuuza kuti asadzagwadirenso munthu kuno, azilandira chinthu ali chilili, ndi dzanja limodzi, ngati anzake. Ine, mwana wanu, ndi pakamwa pangapa. Sewero lenilenilo liyamba Lolemba, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi zimuteteze.

Mundikhululukire. Ndimakukondani. Mulungu akatisunga ndidzabwera naye Tadala, ndipo pamanda panupo adzagwada, palibe adzamuseke.

Ndine mwana wanu,
Yohane