Pepala la Pachitseko cha Goodwill

Partick, Glasgow
14 Novembala

Okondedwa achimwene a Zangaphee,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Bondo lija likukulolani kupita kumunda? Ine thupi lili bwino, mankhwala ndikumwa osadumphitsa. Koma mtima ndiye ayi.

Nkhani ndi ya mwana wanga Goodwill. Mukudziwa kuti ali ndi kampani yosesa ndi kukolopa m'maofesi ku Govan, ndipo kutchalitchi anamusankha kukhala mkulu wa mpingo. Antchito ake ndi ana asukulu ochokera kwathu, asanu ndi anayi, onse timapemphera nawo. Malipiro amawapatsa mu envelopu, iwo n'kulandira ndi manja awiri. Ndani angatsegule envelopu pamaso pa mkulu wa mpingo? Ndani angafunse?

Mmodzi wa iwo, Ndapile, mtsikana wa ku Ntcheu, ndinamuona akukulunga mandasi otsala titaweruka mapemphero. Nditamufunsa, anati ndicho chakudya chake mpaka Lachitatu. Ndinakhala naye pansi, tinagawa ndalama zake ndi maola amene anagwira. Zinatuluka mapaundi asanu ndi atatu pa ola. Boma la kuno limati wamsinkhu wake asalandire zochepera khumi ndi awiri. Ndinabwereza, achimwene, ndikulakalaka nditalakwitsa. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa masamu sindinadanepo ndi yankho ngati tsiku limenelo.

Ndinamuitanira Goodwill pambali. Anaseka, nati anawa akanakhala kwathu ndalama zotere sakanazinunkha n'komwe. Nditamuuza kuti amate malipiro a boma pakhoma kuti anawo aziwaona, anati kuno lamulo silimukakamiza kutero. Ndinafufuza, ndi zoona, kumata sakakamiza. Koma kulipira amakakamiza.

Choncho ndinalemba ndekha malipiro a bomawo, m'Chichewa, zilembo zazikulu ngati za pabolodi, n'kukamata pachitseko cha ofesi yake. Anang'amba pepalalo anawo akuona. Anandiuza m'Chingerezi kuti pamenepo si m'kalasi mwanga, ndisadzapondenso. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo.

Kuchokera pamenepo sabweranso Lamlungu ndi adzukulu anga, Tadala ndi Keith. Mbale ndimatulutsabe zinayi, zitatu n'kuzibwezera zouma. Amayi ena a kutchalitchi akuti ndavula mwana wanga pagulu. Mwina ndi zoona. Komatu mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Ndapile naye ali ndi mayi ake amene akuganiza kuti akudya.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu malume ake, mawu anu amawaopa. Muimbireni foni. Zoti andipepese musavutike nazo, mungomuuza abweze zonse zimene anawadula ana a eni ake. Akakana, Ndapile akufuna kukadandaula kuboma, ndipo ndamulonjeza kuti ndidzamuperekeza. Ndikudziwa kuti ndikatero adzukulu angawo sindidzawaonanso. Ndidikira yankho lanu mpaka mwezi uno uthe.

Moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Muzindikumbukira m'mapemphero.

Ine mlongo wanu,
Ketrina