Dzina la Vania lili pamkono, chinkhoswe chayandikira

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 31, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Mwanza boma ndi pa boda. Nkhani yanga ndi yochititsa manyazi, koma ndasowa woti ndimuuze.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinali pachibwenzi ndi mtsikana wina dzina lake Vania. Makolo ake anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, koma iye anabadwira konkuno, ndipo ankagulitsa manachesi pa boda. Tsiku lina tinawoloka kupita kumsika wa ku Zobue, ndipo mwa chibwana ndinakadinditsa dzina lake pamkono wanga ndi singano ndi inki. Iye anaseka mpaka misozi, amvekere: "Nanga ukadzandisiya, udzadula mkonowo?" Koma amene anachoka ndi iyeyo. Bambo ake atamwalira, mayi ake anabwerera kwawo ku Tete ndi ana onse. Tinaimbirana foni chaka chimodzi, kenako nambala yake inasiya kupezeka. Ena amati anakwatiwa, ena amati ali ku Beira.

Panopa ndili ndi Deliwe wa ku Thambani, telala, munthu waulemu. Chinkhoswe chathu chili mu Okutobala. Iye wandiuza mosapsatira mawu kuti: "Inu, ine sindingatsamire mutu pa dzina la mkazi mnzanga. Mulifufute ankhoswe asanakumane." Sindikumuimba mlandu.

Mnzanga Kinsley, yemwe ali ndi malo ometera pafupi ndi boda, anagula makina kwa dalaivala wa thilaki. Akuti ndi leza, imafufuta zodinda pakhungu ndi kuwala. Anabwera opanda bokosi, opanda buku. Panali kasitika kachikasu pambali, koma iye anakamatula, akuti makasitomala akaona chizindikiro cha ngozi amathawa. Anayesa pa jumbo yakuda ine ndikuona, inabooka nthawi yomweyo. Iye amavala magalasi a dzuwa, kasitomala amangouzidwa kuti atsinzine. "Aise, mateni minitsi okha, Vania wapita," anatero.

Ndapitako kawiri. Ndimakhala pampando, kupinda shati, kenako n'kudzuka kunamizira kuti kasitomala akundiitana. Sindikudziwa ngati ndikuopa makinawo kapena china. Nyengo ya manachesi ikafika, ndikamadutsa pamtengo pomwe Vania ankakhala ndi dengu lake, ndimangopezeka ndachepetsa liwiro. Ndimamusowa, Aphungu, ndisaname. Chithunzi chake ndilibe, chinapita ndi foni yomwe inabedwa. Chomwe chanditsalira ndi zilembo zisanu zimenezi.

Kodi makinawa ndi abwino? Ndichite bwanji kuti ndisataye Deliwe?

F.M., Mwanza

A F.M.,

Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndipo miyendo yanu yakupulumutsani kawiri konse. Pampando umenewo musakakhaleponso.

Leza iliyonse yopangidwa mwadongosolo imabwera ndi chizindikiro chonena kalasi yake, kuyambira 1 mpaka 4. Kalasi 1 siivulaza ikagwiritsidwa ntchito moyenera. Kalasi 2 ndi ngati kaja kofiira kowerengera katundu m'masitolo akuluakulu, kakakuwalirani mwangozi diso limaphethira lokha. Kalasi 3 ili pawiri, 3R ndi 3B, ndipo makamaka yachiwiriyo imawononga diso ikalunjika. Kalasi 4 imawotcha khungu, imayatsa moto, ndipo ngakhale kuwala kongobwerera kuchokera pagalasi kapena pachitsulo kungathe kuchititsa munthu khungu. Makina enieni ofufutira zodinda amakhala a kalasi 4. Ndiye taganizani, malo ometera khoma lonse ndi magalasi oonera!

Kasitika kachikasu kaja sikanali kokongoletsa. Ndi komwe kamanena kalasi, mphamvu ndi mtundu wa kuwala. Popanda zimenezo palibe angasankhe magalasi oyenera oteteza maso, chifukwa leza iliyonse ili ndi magalasi akeake. A dzuwa aja ndi ongotchenera basi. Kutsinzina nakonso sikuthandiza, kuwala kwina sikuoneka ndi maso, ndipo kumafika chikope chisanatseke. Makina oterewa malo ake ndi chipinda chotseka, m'manja mwa munthu wophunzira, wogwira ndi wogwiridwa onse atavala zoteteza. Dziwaninso kuti khungu lathu lakudali limamwa kuwalako kwambiri. Wosadziwa angakusiyeni ndi chipsera chotupa, dzina la Vania likuwerengekabe pansi pake. Ndipo za mateni minitsi ndi bodza, ngakhale kwa akatswiri zimatenga maulendo angapo, miyezi ingapo.

Chitani izi. Pitani kuchipatala cha boma, mukaonetse mkonowo, mukafunse komwe kuli madokotala a khungu ku Blantyre. Mutengane ndi Deliwe, akamve yekha kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Akaona kuti mwayambapo, Okutobala sadzakhalanso chikwapu. Kinsley mumuuze ngati mnzanu kuti atsekere makinawo m'kabati, asanavulaze mwana wa munthu kapena maso ake omwe. Akakana, mukawadziwitse azaumoyo. Bola akukwiyireni akuona.

Tsopano tibwere ku nkhani imene mwalembera kalatayi, chifukwa za makina mwangotsamirapo. Munthu woopa makina sapinda shati kawiri. Mukumusowa Vania, ndipo si tchimo. Anachoka osatsanzika bwinobwino, nkhani inangoduka ngati foni yatha moto, ndiye mtima ukudikirabe pamtengo paja. Koma palibe leza, ngakhale ya kalasi 4, imene ingafike kumeneko. Mukhoza kufufuta mkono n'kulowa m'banja dzinalo lili m'chifuwa, ndipo Deliwe adzaliwerenga ndithu. Telala salephera kuona pomwe pasokedwa mobisa.

Dzifunseni moona mtima. Vania atatulukira mawa pa boda ndi dengu lake, mungatani? Ngati mungamupatse moni n'kupitiriza ulendo wa ku Thambani, muuzeni Deliwe zonse monga mwandiuzira ine, kenako mupite kuchipatala limodzi. Ngati mungasiye njinga ili chilirire n'kumuthamangira, imitsani kaye chinkhoswe, musamuyike mwana wa eni ake pamzere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma Deliwe si fodya woti muzingosunga poti winayo anapita ndi mphepo.

Chenjezo langa ndi ili: makina opanda chizindikiro cha kalasi muziwatenga ngati oopsa kwambiri, musawayandikire. Inu a kabaza ntchito yanu imadalira maso, ndipo diso lilibe sipeya ngati tayala la njinga. Vania munamutaya kale. Musataye maso oti mudzamuonere Deliwe akulowa pa chinkhoswe.

Aphungu