Zitini Ziwiri Pabenchi ya Bambo

Lolemba, 6 Okutobala

Mphepo tsiku lonse. Ng'ombe ziwiri zathyolanso waya kumtsinje. Ndamanga ndekha, zala gwa ndi chisanu.

Bambo m'shedi kuyambira m'mawa. Uzimba wa agwape atsegula pa 25, ndipo mfuti yawo yaikidwa mpope watsopano, choncho ayenera kufunafunanso muyeso wa onga womwe mpopewo ungaukonde. Njira ndi yomwe ija ya zaka makumi asanu: zipolopolo zisanu pa muyeso umodzi, zisanu zina kuwonjezera pang'ono, mpaka magulu asanu ndi limodzi. Gulu lililonse pepala lake lowomberapo, pa mtunda wa mayadi 100. Lomwe mabowo ake agundana, muyeso ndi womwewo.

Ali ndi zaka 79, chipolopolo cha m'sitolo sanagulepo, amadzithirira okha onga. "Zimenezo n'za anthu osadziwa kuwerenga sikelo." Ndawamva akuimba mluzu. Chimwalirire Amayi ndi koyamba.

Lachinayi, 9 Okutobala

Tinakawombera kuseri kwa khola. Mapepala asanu ndi limodzi, onse ngati padutsa mbuzi. Bambo anayamba ndi kudzudzula mphepo, kenako amene anaika mpope, kenako boma.

Ndinaganiza kuti ndi manja awo. Ndinapempha mfuti, n'kuwombera zisanu zina zomwe anapanga pa muyeso wa gulu lachitatu. Zanganso balala. Ndinakondwa, chitsiru ine. Ndinati ndiye si manja, si maso, Bambo akadali bwino.

Koma chipolopolo chachinayi chinalira mwina. Phewa mpaka pano likuwawa. Chotsekera chipolopolo m'mfuti chinakana kutseguka mpaka ndinachimenya ndi chikhatho. Bambo: "Chigoba cha chipolopolo n'chakale icho, mwanawe, usadandaule."

Ndi iwo omwe anandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti chotsekera chikalimba, siya pomwepo, moto wachuluka m'kati. Lero anangoika china n'kuwombera.

Loweruka, 11 Okutobala

A Merle Tveit, aneba athu, anabwera kudzamwa khofi. Atha theka la keke yanga ya maapozi, osafunsa. Monga chaka chilichonse, apempha Bambo kuti awapangire zipolopolo makumi awiri. "A Orval akakuthirira onga, ungawombere nthata pakhutu la galu, galuyo osadzuka."

Bambo kuseka mpaka kutsokomola. Alonjeza kuti pofika pa 20 zikhala zitatha.

A Merle ali ndi diso limodzi labwino. Ndakhala ndikuliganiza disolo madzulo onse.

Lamulungu, 12 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi, ndinati mutu. A Merle atawatenga Bambo, ndinalowa m'shedi.

Zitini ziwiri pabenchi. Ziwiri. Pakhoma pomwepo pali lamulo lolembedwa ndi dzanja lawo, utoto unasuluka kale: CHITINI CHIMODZI PABENCHI. Gunnar, mchimwene wanga, analawa lamba chifukwa cha lamulo limenelo.

China cha onga wa mfuti yayikulu, wa timitengo ting'onoting'ono, woyaka pang'onopang'ono. China cha onga wa pisitolo, wa timamba, woyaka ngati mphezi. Ndinatsegula zipolopolo khumi, kuthira onga wake pa sikelo chimodzichimodzi. Palibe ziwiri zofanana ndi zomwe analemba m'kope. Ndipo pakati pa timitengo, timamba. Anabwezera onga wotsala m'chitini cholakwika, mwina kamodzi, mwina kangapo. Chitini chonse chaipa.

Timamba tikanachulukirapo pang'ono, mfuti ikanang'ambika. Tsaya langa linali pamenepo Lachinayi. Ndakhala pa ndowa. Ndikuopa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Bambo sindinawauzebe. Zipolopolo zonse ndabisa m'galimoto. A Merle ndawanamiza kuti sikelo yawonongeka, agule za m'sitolo chaka chino.

Ndinaimbira Gunnar ku Billings. "Ingobisa kiyi, Corliss, nkhani yatha." Iye zake n'zophweka, amabwera pa Khirisimasi ndi botolo la vinyo n'kubwerera. Ndinamudulira foni. Kubisira kiyi munthu amene anamanga shediyo ndi manja ake?

Dzulo Bambo anandiitana dzina la Amayi kawiri. Sabata yatha ndinapeza magalasi awo mufiriji, n'kuseka. Ndinkaseka chiyani.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Zachitika.

Titatha kadzutsa ndinathira onga uja m'mbale yoyera, n'kuwaikira Bambo patsogolo pamodzi ndi galasi lokulitsira. Anayang'ana nthawi yaitali. Anasankha timamba ndi nsonga ya pensulo, kutiika pambali, mwaukhondo monga amachitira zonse.

"Wasakaniza ndani?" anafunsa. Kenako iwo eni, pansipansi: "Ndine." Anafunsa ngati ndinawomberako. Nditavomera anagwira tsaya langa.

Ananyamula zitini zonse, zabwino zomwe, zisanu ndi ziwiri. Anamwaza onga pa kapinga wa Amayi monga timachitira ndi onga wotha ntchito, n'kuthirira madzi ndi paipi mpaka matope. Ndinati ndithandize, anakana. Anakhoma shedi okha n'kundipatsa kiyi.

"Munthu akasiya kukhulupirika pa sikelo, achoke pabenchi asanaphe mnzake. Sunga, ndipo ndikadzakupempha usadzandipatse."

Sanalire. Ndinalira ndine, m'khola, ng'ombe zikundiyang'ana. Sindinawanyadirepo chonchi moyo wanga wonse. Madzulo anadya bwino, nyama ndi mbatata, n'kuwonjezera.

Lachinayi, 23 Okutobala

Chipale choyamba, chochepa.

Ndinali kukazinga mazira pomwe ndinamva kumenya. Bambo pachitseko cha shedi, malaya osamanga, akugwedeza loko. Anali atasuzumira pawindo n'kuona mashelefu opanda kanthu. Akuti zipolopolo za Merle sanamalize, nthawi yatha.

"Wakhoma muno ndani? Onga wanga wapita kuti?"

Za Lachiwiri palibe chomwe chatsala m'mutu mwawo. Palibe.

Ndikanatha kuwafotokozera. Ndikanabweretsanso mbale, galasi, timamba, kuti azindikirenso kachiwiri kuti anatsala pang'ono kundipha. Akanavomera, ndikuwadziwa. Ndipo Loweruka n'kuyambiranso, Lolemba n'kuyambiranso.

Ndinati ndine, Bambo, ndataya ndine.

Ananditcha wakuba, mwana wopanda ulemu, kuti Gunnar sakanachita zimenezi. Mazira sanadye. Ali kuchipinda, chitseko chotseka.

Mawa akafunsanso, ndidzati ndine.