Mkanda Umene Ndinaonjezera

Lachinayi, 10 Okutobala 2024

Kutentha kwa lero, Chilobwe yense ngati ali m'uvuni wa masikono. Pampope madzi sanabwere.

Tatu, mdzukulu wanga, wakhala madzulo onse pa atomu yake. Ndamufunsa ngati atomuyo imadyedwa ndi mchere. Wati, “Agogo, yangayi ndiye ili mumcherewo, dzina lake sodiyamu.” Ndagonja.

Nkhani yake ndi iyi. Fomu 3 yonse ikufuna kemisitiri koma labu ndi yaing'ono, ndiye aphunzitsi, a Maziko, atenga ochepa. Aliyense apange atomu ndi manja ake, akaime kutsogolo, akaifotokoze. Wolephera apita kalasi ina. Ndipo popanda kemisitiri, unamwino umene mwanayu wakhala akuuimba chiyambire pulayimale wathera pomwepo. A Maziko ananenetsanso kuti wopangiridwa ndi munthu wamkulu asavutike n'kubwera.

Ine ndangopereka masipoko akale a njinga ndi kumuonetsa kapindidwe. Kupinda wapinda yekha, mphete zitatu, ina mkati mwa inzake. Mayi ake, a Cathy, apereka mikanda. Pakati wamanga yofiira 11, akuti mapulotoni, ndi yakuda 12, akuti manyutuloni. Ndati unawaona kuti powawerenga? Wati palibe anawaonapo, buku limangopereka manambala awiri, 23 ndi 11. Wamng'onoyo ndi mapulotoni, ukamuchotsa pa wamkuluyo otsalawo ndi manyutuloni. Ndati ndiye kalembera wa anthu osaoneka ameneyu. Waseka pang'ono, osakweza mutu.

Yoyera ndi ya m'mphete, maelekitironi. Mphete yamkati iwiri, yotsatira isanu ndi itatu, yakunja umodzi wokha. Umodziwo wandisowetsa mtendere. Uli pawokha mbali imodzi, ngati ine chimwalirireni agogo ake aakazi. Ndimati ndifunse koma mayi ake amuitana kukatunga madzi.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndachita ntchito yabwino lero.

M'mawa Tatu akusamba, wandipempha ndimumangire atomu m'katoni kuti isapindike m'minibasi. Posesa pansi pa tebulo ndatola mkanda woyera umodzi. Ndati eya, si uyu mnzake wa mbeta ija, anagwa dzulo mwana osaona. Ine ndawongola mawilo a njinga moyo wanga wonse. Sipoko ya mbali iyi imafuna inzake mbali inayo, apo ayi wilo limavina. Palibe chozungulira chimene chimalemera mbali imodzi n'kumayenda bwino. Ndauika moyang'anizana ndi mnzakeyo, ndaukulunga kawaya, ndadontheza supagulu. Ngakhale njovu singauchotse. Katoni ndamata ndi tepi mbali zonse.

Sindinamuuze. Ndikufuna akapambana ndidzamuuze kuti anapulumutsidwa ndi munthu wa Sitandade 6, ndione nkhope yake.

Wabwera masana akuti makatoni onse a Maziko awatsekera mu labu osatsegula. Adzatsegula Lachitatu, aliyense pa nthawi yake, pamaso pawo.

Loweruka, 12 Okutobala

Sindinadye bwino.

Ndinali pakhonde ndikumata chubu cha mwana wa aneba. Tatu anati ndikhale a Maziko, iye ayeserere. Ndinavala magalasi kunsonga kwa mphuno, n'kukhosomola ngati munthu wa digiri. Anayamba bwino, ofiira, akuda, manambala ake aja. Kenako anati maelekitironi amalingana ndi mapulotoni, ndiye onse pamodzi ndi 11. Awiri, asanu ndi atatu, mmodzi. Akuti mmodzi wakunjayo ndiye nkhani yonse ya sodiyamu. Chifukwa ali yekha savuta kuchoka, n'chifukwa chake sodiyamu sikhazikika, imangofuna kugwirana ndi zinthu zina.

Ndinafunsa mwa mawu a aphunzitsi omwe aja kuti nanga atakhala awiri?

“Ndiye kuti wopangayo sadziwa kuwerenga, Agogo. A Maziko amayambira pomwepo, mphete yakunja.”

Guluu anandiumira pa chala. Ndinamufunsa ngati mikanda inakwanira bwino, anati unatsala umodzi, sadziwa unagwera kuti.

Ine ndikudziwa.

Koma dikirani. Yakuda ija ndi 12. Yoyera panopa ndi 12. Mwina zimalolezana. Pa wilo ukalakwitsa bowo limodzi nthawi zina umakapeza kuti kutsogolo zakumananso.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi abusa analalikira za nkhosa imodzi yosochera. Ine vuto langa ndi imodzi yoonjezera. Ndinafuna kunong'oneza a Dalton amene timakhala benchi imodzi, koma ndinaleka. Anandifunsa ngati ndikudwala, poti mapemphero onse sindinawatsine ngakhale kamodzi.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndinanama kuti ndikukafuna mavalavu a machubu, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anati madala sunthani, ine n'kungosuntha, osamuponyera nthabwala ngakhale imodzi. Ine amene.

Ndinapita kwa a Navin, amene ndagula masipeyala m'sitolo mwawo kuyambira bambo awo ali moyo. Atamva nkhani anaseka mpaka kugwira kauntala. Anati achimwene, njinga za Blantyre yense zakuchepa, wayamba kukonza sayansi? Kenako ataona kuti ine sindikuseka anaimbira mwana wawo Priya, amene amagwira ntchito ya mankhwala m'tauni, n'kuika foni pokweza. Ndinafunsa za 12 ndi 12 zija. Mwanayo anayankha mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka. Akuti yoyera imayendera yofiira, osati yakuda. Yakuda ilibe mbali, imangolemeretsa. Yofiira ikakhala 11 dzina ndi sodiyamu basi, ndipo mphunzitsi akufuna kuona yoyera 11. Ndinati palibe sodiyamu ya mitala? Anati Agogo, pa mayeso a Fomu 3 palibe.

A Navin anati ndingopita kwa aphunzitsi kukanena zoona. Ndinawauza za lamulo lija. Ndikangoti dzanja langa linakhudza, a Maziko aganiza kuti chinthu chonse ndinapanga ndine. Ndani angakhulupirire kuti mkulu wa njinga anangoika mkanda umodzi pa chinthu cha masipoko? A Navin anakanda mutu, n'kundipatsa madzi ozizira.

Pobwerera ndinatsikira ku Soche, pasukulupo. Mlonda wa pageti ndi a Abdulmalik, kasitomala wanga wakale. Ndinawakokera pambali. Ndinati mundilowetse mu labu kanthawi kochepa, pulayazi ndili nayo m'thumba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

“Madala, si inu munandiuza kuti njinga yanga yabedwa, muli mutaikoleka mumtengo wa mango?”

Ndinalumbira. Anaseka kwambiri. Ndinalumbiranso, akuti ndikamalumbira ndiye amadziwa kuti ndi bodza lenileni. Pomaliza anati ngakhale zikanakhala zoona, makiyi a labu amayenda ndi a Maziko m'thumba, ndipo iwo ntchito yawo saifuna kuitayira mkanda.

Ndabwera wopanda mavalavu. Chrispine, mwana wanga, bambo wa Tatu, wafunsa. Ndati anatha.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, sukulu kulibe. A Cathy avala chitenje chatsopano, m'nyumba muli chisangalalo. Ine ndinadikira mpaka Tatu atatuluka kukayanika zovala kuseri.

Ndinayamba ndi mawilo, kuti wilo limafuna kulingana. Anati Agogo mukufuna kunena chiyani, ndili ndi zowerenga. Ndiye ndinangonena. Mkanda unatsala uja uli pa mphete yakunja, ndinauika ndine.

Anaseka. Anati imeneyo ndiye yabwino, mwaikonza liti? Anapitiriza kuyanika. Ine chiimire. Atatembenuka n'kundiona, malaya anali m'manja aja anawabwezera m'beseni.

“Agogo, nenani kuti mukucheza.”

“Sindikucheza, mayi.”

“Munamata?”

“Ndinamata.”

“Ndi chiyani?”

Nditamuuza anakhala pansi pa dothi pomwepo, ndi siketi yake yabwino. Sanalire. Bola akanalira. Ndinatulutsa pulayazi, ndinati ubise m'chikwama, ukangotsegula katoni udule msanga. Anati katoni amatsegula a Maziko okha, mwana ataima pambali, kalasi yonse ikuona. Ndiye iye atulutse pulayazi ngati wakuba mawaya a magetsi? Ndinati nanga tipange ina lero, masipoko alipo. Anati zinalembedwa kale mayina, yobwera nayo mochedwa salandira.

Chrispine anamva ali pawindo. Sanakweze mawu, ndiye kuipa kwake. Anati, “Bambo, ife tinakula ndi zocheza zanu, tinazolowera. Uyu ndi mwana wamkazi mmodzi yekha amene ndili naye.” Ndinafuna kunena kuti sikunali kucheza, ndimathandiza. Koma n'chifukwa chiyani sindinamuuze Tatu Lachisanu lomwelo?

Mpunga wa chikondwerero tadya ngati pamaliro. Tatu wadyera kuchipinda. Ndikumumva akubwereza manambala ake, akafika pa mphete yakunja amaima.

Lachitatu, 16 Okutobala

Wachoka osandilonjera. Chibadwire sanachitepo.

Ndatsegula pantchito koma ndabweza anthu awiri. Wina ndamumangira tcheni chotembenuza, wabwerera akukankha njinga. Maso ali kumsewu basi.

Tatu wabwera dzuwa litapendeka, wandidutsa pakhonde, walowa. Zimene ndikulembazi ndamva kwa mayi ake, amene anabwera kudzandiuza motsitsa mawu, mwina pondimvera chisoni.

Akuti a Maziko atatsegula katoni anainyamula atomu ija m'mwamba, n'kuti yooneka bwino, tiwerengere. Tatu anawerenga yofiira, yakuda, kenako yoyera mokweza. Atafika pa 11 anaima. Anati, “Sala, uwu winawu suyenera kukhalapo. Sodiyamu ili ndi umodzi kunja.” A Maziko anafunsa kuti nanga wabwera bwanji, wamera? Iye anati anaika ndi agogo anga, nditawapatsa kuti amange katoni, amati ikulemera mbali imodzi.

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Ana ena akuti anayamba kuimba belu la njinga ndi pakamwa. A Maziko sanaseke. Anayesa kuuchotsa mkandawo ndi zala, unakana. Anafunsa kuti agogo akowo amagwira ntchito yanji. Atamva, anayang'ana masipoko aja nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndiye iwe pamenepa wapangapo chiyani?

Tatu anati zonse kupatula umodziwo.

Akuti a Maziko anaika atomu pambali, n'kulemba pabolodi manambala ena, 27 ndi 13, popanda dzina. Anati popeza agogo ako pano palibe, tiwerengere iyi. Mwana anagwira choko. Analemba mapulotoni 13, manyutuloni 14, m'mphete awiri, asanu ndi atatu, atatu. A Maziko sananene kuti wakhoza kapena walakwa. Anangoti khala pansi, lamulo linali lomveka, aganizira. Mayina atuluka Lachisanu.

Ndafunsa a Cathy ngati mayankhowo anali oona. Ati iwo sadziwa, mwini wake akuti anali oona, koma akuti nkhani si imeneyo.

Lachinayi, 17 Okutobala

Madzi abwera. Tatu wandipatsa tiyi osandiyang'ana. Shuga anaikamo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinamuona Tatu akutulukira cha kumsika, akuyenda pang'onopang'ono, chikwama chikulendewera dzanja limodzi. Ndinadziwiratu. Anafika, n'kukhala pa sitepe, nkhope m'mawondo. Mayi ake anatuluka, anawerama, ananong'onezana. A Cathy anaphimba kukamwa ndi chitenje n'kuthamangira m'nyumba.

Ndinati Tatu, mayi, ndiuze. Anangopukusa mutu.

Ndinati basi, ndikupita. Ndikagwada pamaso pa a Maziko, pamaso pa ahedi, ngakhale pa asembule. Ndikawauza kuti mwana alibe mlandu, wopusa ndi nkhalamba. Akafuna andipatse mayeso a kupinda waya ndi mwanayu pamaso pawo aone ngati sadziwa. Ndinalowa, ndinavala jekete la kutchalitchi m'kutentha konseku. Nsapato zakuda zija zimandiluma, ndinavala. Zingwe zinandivuta kumanga. Iye ali pomwepo, akundionera pakati pa zala.

Ndinatuluka pageti. Ndinadutsa amayi a tomato, anandifunsa kuti maliro ali kuti, ine ulendo basi. Nditafika pa kamlatho ndinamva akuitana kumbuyo.

“Agogo.”

Ndinatembenuka. Waima pageti, manja m'chiuno.

“Mukafika muwafunsenso a Maziko ngati Lolemba tibwere ndi kope lalikulu kapena laling'ono. Ndaiwala kufunsa, ife a kemisitiri tinatuluka mochedwa.”

Sindinamve msanga. Ndinaona a Cathy atatsamira chitseko, akupukuta misozi ya kuseka, ndi chitenje chomwe chija. Amayi a tomato nawo ayamba, osadziwa n'komwe chimene akuseka.

Ndinakhala pa kamlatho pomwepo, ngalande ikununkha pansi panga. Tatu anabwera, anaima patsogolo panga, akudikira kuti ndinena chiyani. Ndinafufuza nthabwala yobwezera m'mutu monse. Munalibe kanthu.

Ndalemba izi jekete ndisanavule.