Makina a Timoteyo

Lolemba, 10 Malichi 2003

Makina odindira akadali ofunditsidwa chitenje. Matisheti a kwaya ya ku Mkanda angounjikana pakona. Greyson, yemwe malemu mwamuna wanga Timoteyo anamuphunzitsa ngakhale kagwiridwe ka burashi, anakalembetsa makinawa ku Blantyre kuti ndi nzeru zake, ife tisamadindirenso. Tinatsutsa kukhoti, tinagwa nayo. Tsopano apilo.

Loya akuti: "Mayi, kulumbira kuti anapanga ndi amuna anu sikutithandiza. Ndipatseni chooneka ndi maso, chosonyeza kuti makina otere analipo Greyson asanalembetse."

Timoteyo sankasunga ngakhale chithunzi cha ukwati wathu.

Lachitatu, 12 Malichi

Mvula. Mwana wathu Mwai wapentanso chikwangwani chathu: TIMOTEYO, WOYAMBA KUDINDA NDI TCHENI CHA NJINGA. Mayi wa ana awiri, koma bambo ake sachoka pakamwa.

Lachisanu, 14 Malichi

Dalaivala wa thiraki anadzausa mvula pakhonde. Anasuzumira kunsi kwa chitenje n'kuseka. Akuti chotere anachiona kalekale ku Chipata, kwa mayi Stelia.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinawoloka malire pa Mwami m'mawa. Kwa mayi Stelia, makina omwewo ndithu. Tcheni, mapedulo, chubu chokulunga pa mpini wogudubuza inki. Ngakhale kulira kwake.

"Timoteyo wa ku Malawi? Anasebenza pano uja," akutero mayiwo. "Maso maningi, kukamba pang'ono."

Andibwereka nyuzipepala ya 1984. Pachithunzi mayiwo ali pa chionetsero cha zaulimi ndi makina awo. Kumbuyo kwawo Timoteyo wanyamula chitini cha inki, woonda ngati bango.

Ine ankandiuza kuti nzeruyi anachita kulota. Sindinalire. Ndinangopsa mtima m'minibasi mpaka ku Kamwendo, kenako njala inandigwira.

Lachiwiri, 18 Malichi

Loya anayang'ana nyuzi ija nthawi yaitali. "Izi zimupha Greyson. Koma mudziwiretu, zikalembedwa kuti nzeruyi si ya amuna anunso."

Ndinafunsa ngati tidzadindenso. Akuti eya, wina aliyense angadinde.

Ndamusiyira nyuziyo. Dzina silidinda tisheti.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndamuuza Mwai tikusenda mtedza. Anasiya kusenda.

"Ndiye bambo ankatinamiza?"

Ndinati ankadinda bwino, zimenezo n'zoona. Anadzuka n'kuchokapo, ndipo zinandipweteka kuposa za ku Chipata zija.

Masana ndamupeza wakwera pa benchi, burashi ili m'manja. Wafafaniza WOYAMBA. Dzina la bambo ake walisiya. Atatsika anavundukula makina n'kundifunsa komwe ndinaika girisi.